Mawondo a Bina Miyoba

Ndikakumbukira Bina Miyoba, ndimamva fungo la nsomba zowamba pa utsi wa malasha, losakanikirana ndi fungo la mpira wa labala umene wakhala padzuwa tsiku lonse. Nyumba yawo ndi yathu zinkalekana ndi kampanda ka zitsamba kofika m'chiuno, ndipo m'mawa uliwonse, sitima ya katundu isanalire ku siteshoni, iwo ankakhala atasonkha kale moto pansi pa mgolo wodula pakati, akutembenuza nsomba zimene anyamata a njinga abwera nazo kuchokera ku Chanyanya, mamba atamatirira m'mikono, maso akuchucha misozi ndi utsi, pakamwa akung'ung'udza nyimbo ya Chitonga imene sindinaimvepo mutu wake. Mphepo ikachokera ku mafakitale inkabweretsa kafungo koboola mphuno ka feteleza, koma utsi wa Bina Miyoba sunkagonja. Ngakhale yunifomu yanga inkanunkha nsomba zawo, moti anzanga ankadziwa kuti ndalowa m'kalasi asanatembenuke.

Bina Miyoba n'Chitonga, kunena kuti amake Miyoba. Miyoba mwiniwakeyo sitinamuonepo, ankati ali ku migodi, ndipo amuna a Bina Miyoba anamwalira ife tisanasamukire mumzere wa nyumba umenewo. Ana tonse tinkangowaitana kuti Ambuya, kutanthauza agogo, ngakhale panalibe ubale ndi pang'ono pomwe. Koma utali, abale inu! Polowa m'nyumba mwawo momwe ankachita kuwerama, ndipo waya woyanikapo zovala anaumanga pamwamba zedi, moti mvula ikayamba iwo ali kumsika, amayi a mumzere ankangoima pansi pake n'kumayang'ana zovala zikunyowa, mpaka wina atakuwa kuti, "Itanani Esinati!"

Esinatiyo ndine. Ndili giredi seveni ndinali nditawapitirira kale Amama, aphunzitsi a masamu, ndi abusa a kutchalitchi kwathu. Anyamata ankanditcha Polo ya Magetsi, ndipo ndikadutsa pokwerera maminibasi a ku Lusaka, makondakitala ankandifunsa ngati kumwambako kukuzizira. Ndinkayenda mapewa ali kutsogolo, mutu uli pansi, ngati munthu wofunafuna singano. N'chifukwa chake ndinkawazonda Ambuya pa mpanda paja. Ndinali ndi mafunso amene sindikanafunsa munthu aliyense. Kodi mkazi wamtali chonchi amatha kukalamba bwinobwino osafa ndi manyazi? Nanga amene anawakwatira anali wamtali bwanji? Nsapato amazipeza kuti?

Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri chinali cha mawondo. Ambuya anali alangizi odziwika. Mtsikana akatsala pang'ono kukwatiwa ankamubweretsa kwa iwo, makatani n'kutsekedwa, ng'oma n'kumalira chapansipansi masana onse, ndipo ankatuluka m'menemo akudziwa kugwada, kulandira chinthu ndi manja awiri, ndi kupereka madzi kwa apongozi osawayang'ana m'maso. Koma ophunzitsa kugwadawo iwo eni sankagwada. Kutchalitchi ankapemphera atakhala pa benchi. Pamaliro ankawabweretsera kireti ya zakumwa kuti akhalepo, miyendo atatambasula. Mawondo awo anali otupa ngati mapapaya. Tsiku lina ndikuwathandiza kuphula nsomba pa mgolo, ndinalimba mtima n'kufunsa chimene chinachitika.

"Mawondo yanga yanasala pa bwalo la fakitale ya nsalu," anatero. "Ninali senta, ine."

"Senta ni chani, Ambuya?"

"Ni muntu mutali wamene alibe nsoni, alibe manyazi. Bwela ku bwalo la sukulu mailo mukakomboka, uzaona." Ankanena za mawa lake, tikaweruka.

Pambuyo pake ndinamva nkhani yonse. Ali mtsikana ankagwira ntchito yoluka nsalu, masiku amene mafakitale a mu Kafue ankakhala ndi matimu awoawo, ndipo iwo ankasewera basiketibo, mpira woponya m'mwamba mu ring'i yachitsulo. Senta ndi wamtali uja amene amaima pafupi ndi ring'i. Kuseri kwa sukulu yathu kunali bwalo lakale la simenti, ndipo aphunzitsi a zamasewera, amene ankadziwa mpira wa miyendo wokha, atamva kuti pali mayi wofuna kuphunzitsa atsikana, anapereka mipira iwiri imene inalipo mosanyinyirika.

Kwa ine chopinga chikanakhala Amama. Atate anamwalira ndili giredi firii, ndipo kuyambira pamenepo Amama, amene ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, anatsimikiza mtima kuti achibale a atate a ku Chipata asadzapeze chonena pa kaleredwe kanga. Tinalibe sofa, tinalibe wailesi yakanema, koma ulemu unali wodzaza nyumba. Kulandira chinthu kwa munthu wamkulu uli chiimire unali mlandu. Ngakhale atakhala machesi, unkapinda mawondo, manja awiri, n'kutsitsa chinthucho mpaka pamimba, maso pansi. Ndinaphunzira zimenezo ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Koma Ambuya atabwera kudzandipempha, Amama sanavute.

"Ngati ni imwe Ambuya, mutengeni. Kuli imwe mwana sangaonongeke."

Masana amenewo ndimawakumbukira ndi mapazi. Simenti inkaotcha kudutsa m'nsapato zanga zapulasitiki, mbuzi zinkadutsa pakati pa bwalo osapempha, mpira ukagunda pa mng'alu unkathawira kumene wafuna, ndipo Ambuya ankakhala pa kireti yawo pansi pa ring'i atagwira mpini wa tsache, opanda wezulo, chifukwa mawu awo okha ankamveka mpaka ku njanji. Atsikana aafupi ankawalola kuthamanga ndi kudunda mpira bwalo lonse. Ine anandiimika malo amodzi, pafupi ndi ring'i, ndipo lamulo loyamba linandidabwitsa.

"Ipase musana ring'i."

"Manje nizaponya bwanji ngati siniiona?"

"Ring'i siyenda ku maliketi. Uzaipeza pamene unaisiya. Iwe yangana mpila."

Anandiphunzitsa kuima mapazi atatalikirana, chiuno chili pansi pang'ono, dzanja lili m'mwamba kupempha mpira. Ankadzuka pa kireti movutikira, n'kunditsamira kumsana ndi thupi lawo lonse, n'kundiuza kuti ndinene osatembenuka ngati ali chakumanja kapena chakumanzere. "Musana nao uli na menso," ankatero. Akatsamira kumanja, ine ndizungulire kumanzere. Phazi limodzi likhale lokhomerera pansi, linalo liponde kuseri kwa wondiletsa, kenaka mpira ukagunde thabwa la kuseri kwa ring'i n'kugwera m'kati. Dzanja lamanja, dzanja lamanzere, lamanja, lamanzere, mpaka mapewa atayaka moto. Ndinali wobalalika koopsa. Ndinkadzipinga ndekha miyendo n'kugwa popanda wondikankha, anzanga n'kumagubuduka ndi phwete. Ambuya sankaseka.

"Baleke baseke. Bafupi ni ndiwo zamasamba za lepu, bapya manje manje. Imwe batali ndimwe binzi, nyemba zouma, mufuna malasha yambili."

Zonsezo ndinazigwira pang'onopang'ono, kupatula chinthu chimodzi. Mpira ukangofika m'manja mwanga, unkapita. Panali kamtsikana kena, Mutinta, kofika m'khwapa mwanga, kothamanga ndi kochenjera. Ine ndinkalandira mpira m'mwamba bwinobwino, pamene Mutinta sakanafika ngakhale atakwera pa njerwa, koma kuphethira kamodzi, mpira uja uli kale m'manja mwake, akuthawa nawo uku akuseka. Ambuya ankakuwa, "Mpila pa chibwano! Vigongono panja!" Ine ndinkayankha, "Ee, Ambuya," n'kuchitanso zomwezo. Ankati ndikuutsitsa mpira mpaka pamimba. Ine ndinkalumbira mumtima kuti sindikuutsitsa, chifukwa sindinkadzimva ndikuchita zimenezo.

Apa m'pamene ndinaona kuti Ambuya ndi munthu wosagona chinthu asanachimvetse. Poyamba anaganiza kuti mikono yanga ndi yofooka, ndiye anandipatsa ntchito yowatungira madzi ndi zigubu ziwiri, china uku china uku. Mikono inalimba, mpira n'kumatsikabe. Kenaka anakayikira maso, n'kundiimika kumapeto kwa bwalo kuti ndiziwerenga zala zawo. Maso anali bwino. Kenaka anati mwina ndimamuopa Mutinta, n'kumukhazika pambali, koma ngakhale popanda munthu pafupi, mpira unkatsika wokha. Ankakhala pa kireti dzanja lili pa tsaya, akundiyang'ana ngati nsomba yachilendo imene yakodwa mu ukonde.

"Iwe mwana, chili mukati mwako ni chani?"

Nanenso ndinkafuna kudziwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu akapereka utali amachotsako zina.

Yankho linapezeka pa mpanda, Loweruka lina m'mawa. Ambuya anandiitana kuti ndilandire mbale ya nsomba ya Amama. Anandipatsira pamwamba pa zitsamba, ine n'kulandira. Nditatembenuka kuti ndizipita anati, "Imilila. Bwelesa mbale." Ndinabweza. Anandipatsanso, ndinalandira. "Bwelesa futi." Tinapatsana mbale ija mpaka ndinayamba kuganiza kuti utsi wawalowa m'mutu. Mwadzidzidzi anaphulika kuseka, kuseka kogwira nako mgolo wotentha osaumva, nkhuku n'kubalalika.

"Mayo ine! Ni ulemu! Mwana uyu agwadila mpila!"

Zinalidi choncho. Chinthu chilichonse chikafika m'manja mwanga, mawondo ankapinda okha, manja n'kutsikira pamimba, maso n'kugwa pansi. Thupi langa silinkasiyanitsa mbale ya munthu wamkulu ndi mpira wochokera kwa mnzanga. Ndinkaulandira mpira mwaulemu wonse, ndipo Mutinta ankangodikira pansipo kuti ndimupatse.

"Amako banagwila nchito," anatero Ambuya akupukuta misozi ndi chitenge. "Bakwati banga bonse bakanankala so, sembe nilibe chochita. Manje tifunika kuichosa."

Mankhwala ake anali osavuta kunena. Chilichonse chochokera m'manja mwa Ambuya ndinkayenera kuchilandira chiimire, kuchikokera pa chibwano, zigongono kunja, maso kutsogolo. Botolo la madzi, mpini wa tsache, kathumba ka malasha, poto wopanda kanthu. Ndikangopinda bondo ankachilanda n'kuyambiranso. Masiku oyamba mtima unkandipweteka ngati ndikuwatukwana, ndipo ndinkayamba ndasuzumira kwathu kuti Amama asaone. Koma thupi limazolowera. Patapita masabata angapo, Mutinta anayamba kudumpha pachabe, timanja take tikupalasa mphepo pansi pa zigongono zanga. Tsiku limene ndinagwira mpira pa chibwano, n'kumva ndi msana kumene ali, n'kuzungulira, mpira n'kugunda thabwa n'kulowa, ndinasangalala, sindinama. Aka kanali koyamba utali wanga kugwira ntchito ina yoposa kuanula zovala za anthu. Ambuya anandiuza kuti pa masewera a masukulu a m'boma lathu, amene ankabwera kumapeto kwa temu, senta ndidzakhala ine. Ndinkalota zimenezo ndili maso.

Ndiye kunabwera ba Anti Jesi, alongo awo a atate, kuchokera ku Chipata. Anali mayi wamfupi, wolankhula Chinyanja chakumudzi chosasakaniza, ndipo maso awo sankaphonya kanthu: fumbi la pawindo, kutalika kwa siketi, kakhalidwe ka mwana pa mphasa. Amama anakolopa nyumba mpaka pansi pankaterera. Tinakawachingamira pa msewu waukulu, pamene minibasi ya ku Lusaka inawatsitsa pakati pa ogulitsa nthochi ndi makondakitala okuwa. Ba Anti anatsika ndi kathumba ka nshawa, mtedza wa kumudzi, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka khosi lawo litapindikira kumbuyo, n'kunditambasulira kathumbako.

"Landira, mwana wa mlongo wanga."

Ndinalandira, inde. Ndinakakwatula ndi manja awiri, phaa! Mapazi anatalikirana okha, kathumba pa chibwano, zigongono kunja, maso akuyang'ana pamwamba pa mutu wawo. Ndipo chigongono chakumanja chinakola duku la ba Anti n'kuligwetsera mu fumbi, imvi zawo zonse poyera, pamaso pa makondakitala. Mmodzi anaimba mluzu.

Ba Anti anatola okha duku lija, analikung'untha, analimanga pang'onopang'ono. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana Amama.

"Mlamu, mlongo wanga anasiya mwana wamkazi. Msilikali uyu mwamutenga kuti?"

Kunyumba Amama sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Anandikokera kukhitchini n'kulankhula chapansipansi. "Zaka zonse izi nakulela neka, kuti bantu bakakambe ati mwana wa mukazi wamasiye alibe mwambo? Mpila wasila. Ku bwalo kuja usakapondeko futi, na pa mpanda apo nisakakuonepo." Kenaka anatuluka kukataya madzi pafupi ndi mpanda, n'kulankhula mokweza ngati akuuza nkhuku. "Tinapeleka mwana kuli alangizi, batibwezela kaponya woitanila mabasi pa sitesheni."

Ndinalira mpaka maso kutupa. Masana aliwonse ndikusesa kapena kutsuka mbale ndinkamva mpira ukudunda kusukulu, du, du, du, ndipo ndinkadziwa ndi khutu lokha kuti uyo ndi Mutinta. Iye ankandinong'oneza m'kalasi kuti pansi pa ring'i palibe munthu, timu yonse ikungothamanga uku ndi uku. Masewera ankayandikira. Kuseri kwa mpanda utsi unkakwera monga mwa masiku onse, nyimbo ya Chitonga ija n'kumamveka, koma kwa ife kunalibe ngakhale moni. Ndinawakwiyira Ambuya, chifukwa ndiwo anandiika m'mavutowa. Komanso ndinkadabwa. Munthu amene mawu ake amafika ku njanji, angakhale chete chonchi atatchedwa woononga ana? Akuganiza chiyani kuseriko?

Anabwera masana ena, masewera atatsala pang'ono kwambiri. Amama ndi ba Anti anali pa mphasa pakhonde akuswa nshawa, ine ndikukwecha mapoto chapambali. Sanaitanire pa mpanda ngati kale. Anazungulira kumsewu, atavala chitenge chatsopano ndi duku la kutchalitchi, n'kuima polowera.

"Odi kuno."

Amama anayankha mozizira n'kundituma mpando. Ambuya anaukana ndi dzanja. Anayenda mpaka kutsogolo kwa mphasa, anagwira mzati wa khonde ndi manja onse, n'kuyamba kutsika.

Ndinasiya poto. Ndinamva mawondo aja akulira ngati nkhuni zouma, lina kenaka linzake, ndinaona mano atalumana, thukuta likutsika m'mbali mwa duku, zala zikutsetsereka pa mzati pang'onopang'ono. Zinatenga nthawi yaitali. Atafika pansi anawongola chitenge, anaweramitsa mutu, n'kuomba m'manja mofatsa, mmene ankaphunzitsira akwati awo.

Amama anadzambatuka, nshawa n'kumwazika. "Ambuya, awe! Nyamukani! Mufuna kutibwelesela soka? Imwe kugwadila ine?"

"Nkalani pansi, amake Esinati, nikambe. Mwana sanalakwe. Nine ninalakwa. Munanipasa mwana wokwana. Ine namupunzisa kwamene safunika kugwada, naibala kumuuza kwamene kugwada kubwelela. Nchito naisiya pakati. Nipaseni niisilize." Anatembenukira kwa ba Anti. "Na imwe amai, duku yanu inagwesewa na ine. Munikululukile."

Ba Anti anasowa poyang'ana. Mayi wamkulu kuposa iwo, mlangizi, atagwada mu makoko a nshawa! Anakonza pakhosi n'kufunsa, koma mawu atafewa, "Nanga mpirawo ngwachiyani kwa mwana wamkazi?"

"Imwe simunamuone kale, amai. Enze kuyenda monga apepesa kuti anabadwa. Amake baziba. Utali uyu sitingaubweze ku shopu. Musiyeni apeze kwamene ugwila nchito."

Amama anali atatembenukira kukhoma, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenge. "Tamvela, Ambuya. Manje nyamukani, napapata."

"Siningakwanise."

Tonse tinayesa kuti akukakamira kuti ayankhidwe kaye. Koma ayi ndithu, ankanena zenizeni. Mawondo anali atakana. Amama anagwira mkono wina, ba Anti mkono winawo, amayi awiri aafupi kukoka ndi mphamvu zawo zonse, Ambuya osasuntha, akungobuula. Ba Anti anayamba kuitana Yesu. Amama anandicheukira.

"Esinati, waimilila chani? Bwela!"

Ndinapita kumbuyo kwawo osaganiza. Mapazi ndinatalikitsa, chiuno pansi, msana wowongoka, mikono ndinailowetsa m'khwapa mwawo, chifuwa changa n'kugunda msana wawo. Ndinamva mtima wawo ukugunda mofulumira kudutsa m'bulauzi. Ndinakankha pansi ndi miyendo. Ankalemera, abale, ankalemera kuposa chilichonse chimene ndinali nditanyamulapo, koma anadzuka. Ndinawagwirabe mpaka miyendo yawo itavomera, kenaka ndinawaperekeza kuzungulira kumsewu, mkono wawo uli pa phewa langa. M'pamene ndinazindikira kuti mapewa athu anali pafupi kulingana.

Nditabwerera, ba Anti anali akutolera nshawa mu lichero. Anangoti, "Koma mphamvu ali nazo," basi. Amama sananene kanthu za mpira tsiku limenelo, ngakhale mawa lake, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa. Ndinangoona kuti madzulo anapakula nshima mu mbale yotsekera n'kupita nayo okha kwa Ambuya, amene anali chigonere mawondo atakulungidwa nsalu zotentha, ndipo anakhalitsako.

M'mawa wa tsiku la masewera ndinadzuka, ndinasesa pabwalo, ndinasamba, ndinavala yunifomu, osadziwa ngati ndikupita kukasewera kapena kukangoonerera. Ndikutuluka, Amama anandiitana. Anali pakhomo atanyamula kambale ka kandolo, mbatata yophika, ndi nshawa zokazinga, atakamanga mu kansalu. Ndinayandikira, manja awiri kutsogolo, mawondo akuyamba kupinda. Iwo anabweza kambale kaja. Anakwera pa sitepe ya pakhomo, anaima ndi zala za kumapazi, n'kukakweza ndi manja onse pamwamba pa mutu wawo, nkhope ili gwa, maso akuyang'ana kumbali.

"Tenga pamwamba. Ungakaibale futi kuja."

Ndinakatenga pamwamba, n'kukakokera pa chibwano. Kenaka ndinagwada pansi, mawondo onse awiri mu fumbi, ndipo aka kanali koyamba m'moyo mwanga kugwada nditachita kufuna.

"Yenda, uzachedwa," anatero Amama, n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

Ambuya anafika ku bwalo atakwezedwa pa keliyala ya njinga ya mnyamata wina wa nsomba, kireti yawo itamangidwa kutsogolo. Chikho sitinatenge. Tinakumana ndi atsikana a sukulu ina amene ankaponya ali kutali ngati alodza, ndipo Mutinta analira njira yonse yobwerera. Koma tsiku lonselo palibe amene anandilanda mpira pansi, ndipo mawu a Ambuya anasasa ndi kukuwa dzina langa.

Lero ndine mphunzitsi konkuno ku Kafue, ndipo ana akaweruka ndimakhala pa bwalo ndi atsikana anga. Chaka chilichonse pamabwera mmodzi wamtali, woyenda chowerama, amene anzake amamuseka akagwa, ndipo ameneyo ndi amene ndimachedwa naye. Ambuya sanagwadenso moyo wawo wonse. Kuchokera tsiku lija la pakhonde mawondo anaipiratu, anayamba kuyenda ndi ndodo, ndipo pambuyo pake ku bwalo anasiya kufikako. Funso limodzi ndinalisunga zaka zambiri, mpaka ndinalifunsa nditabwera ku holide kuchokera ku koleji, iwo ali pa mpando pakhonde, miyendo ili pa kapilo.

"Ambuya, siku ija munagwada, munaziba kuti simuzanyamuka?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ninaziba. Mawondo ni yanga, ningalephele kuyaziba?"

"Manje munagwadila chani?"

"Ninaziba futi wamene azaninyamula."

Anamwalira ndisanamalize koleji. Kulemera kwa tsiku lija sikunachoke m'mikono mwanga, ndipo sindifuna kuti kuchoke.